Pulogalamu Yosadziwa Kukana

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu Atate, amene anandisunga m'nyengo imene ndikufuna kukufotokozerani, ngakhale kuti sanandichotsere chikho chimene ndinadzithirira ndekha. Ndithokozenso amalume anga, a Jerivaziyo, amene anandilola kutchula dzina lawo pano. Nditawapempha anati, "Lemba, Nambewe. Mwina wina aphunzirapo asanataye munda."

Ine ndine Benedita, koma kwathu amanditchula ndi mfunda, Nambewe. Ndinabadwira tsidya, ku Dedza, makolo anga ali kothawa nkhondo, ndipo tinabwerera kuno ku Angonia ndili pamsana. Ndinaphunzira ku misoni ya Fonte Boa, ndinapitiriza ku Ulongwe, kenako ndinakachita kurso ya informatika, maphunziro a makompyuta, ku Tete. Ndinabwerako ndi diploma. Diplomayo inakhala zaka ziwiri m'bokosi pamodzi ndi nsalu ya ubatizo wanga, ine ndikuthandiza amayi kudimba ndi kuimba kwaya.

Ntchito inandipeza pakhomo la tchalitchi. Lamulungu lina, Misa itatha, kunabwera mkulu wa kabungwe kena kothandiza alimi ku Ulongwe, a Kalisto, kudzapempha amalume kuti awasonkhanitsire alimi a kachewere. Amalume anali katekisita wa kwathu, ndipo mawu awo ankamveka. Atamva kuti nkhani yake ndi ya makompyuta, anandikodola.

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Makina amenewo anawaphunzira, koma akungopalira kabichi."

A Kalisto anandifunsa ngati ndimadziwa kukompilara pulogalamu ya C. Ndinati ndimadziwa. Lolemba ndinapita ku ofesi yawo, kuseri kwa msika, ndipo anandipatsa kompyuta ndi fulashi n'kunena kuti, "Manga ichi chiyende." Ndinachimanga dzuwa lisanafike pamutu. Umu ndi mmene ndinayambira estajiyu, ntchito yophunzirirapo, imene pambuyo pake inasanduka kontratu, ndipo a Kalisto anakhala shefi, kapena kuti bwana, wanga.

Aliyense wolima kachewere kuno amachidziwa chiwawu. Chimabwera kukakhala nkhungu ndi chinyezi masiku angapo motsatizana, popanda dzuwa loumitsa masamba. Masamba amayamba mawanga akuda ngati awauka ndi moto, mtengo wake umafooka, ndipo pakatha sabata munda wonse umanunkha. Mankhwala ake amateteza, sachiza. Ukapopera matenda atalowa kale, wangotaya madzi. Choncho alimi ankapopera sabata iliyonse osaona nyengo, ngakhale kuti mankhwalawo ndi okwera mtengo.

Kabungwe kathu kankafuna kuwapepukitsa katunduyo. Tinazika timakina toyeza mvula, chinyezi ndi kutentha m'minda ingapo. Timakinato tinkatumiza manambala ku kompyuta ya mu ofesi. M'mamawa uliwonse kompyutayo inkawerengetsa yokha, ndipo ikaona kuti nyengo yakomera chiwawu, inkatumiza mensaje pa mafoni a alimi m'Chinyanja, yakuti, "Poperani lero kapena mawa." Ikaona kuti palibe choopsa, inkangokhala chete. Musaiwale zimenezi: kukhala chete kunkatanthauza kuti zonse zili bwino.

Kwa inu ofuna kuidziwa ntchitoyi, ndifotokoze mmene pulogalamu yathu inalili. Mtima wake, gawo lowerengetsa lija, unalembedwa m'chinenero cha C, chifukwa n'chopepuka ndipo chimayenda ngakhale m'kamakina kosauka ka kumunda. Koma pulogalamu yotumiza mensaje inalembedwa mu Python, ndipo ya m'mafoni a alangizi a zaulimi inalembedwa mu Java. Zinenero zimenezi sizimvana pazokha. Pamafunika kachidutswa kolumikiza, kamene anzathu a ntchitoyi amati binding. Ife mu ofesi tinkangoti mlatho. Panali mlatho wa Python ndi mlatho wa Java. Mtima ukhoza kumangidwa popanda milatho, koma popanda mlatho wa Python, wotumiza mensaje sangaufunse mtima kanthu.

Kumanga, kapena kuti kukompilara, ndiko kusandutsa zimene munthu walemba kukhala chinthu chimene makina angayendetse. Tinkagwiritsa ntchito chida chotchedwa CMake, chimene chimawerenga fayilo imodzi ya malamulo. M'fayilo imeneyo munali masiwichi awiri, WITH_PYTHON ndi WITH_JAVA. Siwichi ikakhala ON, mlatho umangidwe. Ikakhala OFF, usamangidwe. Tsono mlatho wa Python sumangika chifukwa chongoti Python ali m'makinamo. Umafunanso mafayilo ake omangira, makamaka imodzi yotchedwa Python.h, amene amabwera m'phukusi lapadera. Pa mzere wofunafuna mafayilo amenewo panali liwu limodzi, REQUIRED, kutanthauza kuti ukapanda kuwapeza, ima pomwepo, usapitirire. Pamene ndinkayamba ntchito masiwichi onse awiri anali ON, ndipo chinthu chikasowa, pulogalamu inkakana ndi zilembo zofiira.

Timakina ta kumunda ankatisamalira ndi a Simawu, injenyeru wa ku Tete, bambo wa imvi zoti mbuu. M'timakina tawo munalibe Python kapena Java, ndipo sizinkafunikamo, chifukwa iwo ankangofuna mtima wokha. Nthawi iliyonse akafuna kumanga, zilembo zofiira zija zinkawaimitsa. Tsiku lina anafika ku ofesi, n'kukhala pampando wa shefi, n'kundiyang'ana.

"Kodi mwini chinthu chamwanochi ndiwe? Ine ndakwera milongoti ya matelefoni iwe usanabadwe. Lero kanthu kopanda ndi mano komwe kakundiuza kuti sindingapitirire."

A Kalisto anaseka. "Benedita, akonzere a injenyeru. Isamawakanenso."

Yankho loona linali palilime langa. A Simawu ankangofunika kuwonjezera mawu awiri pa lamulo lawo, kuuza masiwichi onse kuti OFF, ndipo zimenezi zinalembedwa kale m'kafayilo ka malangizo kamene sanakawerenge. Koma ife tinaleredwa kuti mkulu sumuuza kuti sanawerenge, ndipo sumukana pamaso. Akakutuma chimene sungathe, umagwada n'kunena kuti "ndamva," kapena "tiona," kenako nkhani imafera m'njira yokha popanda wochita manyazi. Ndinakula ndikuona amayi akuchita zimenezi kwa apongozi awo, ndi akhristu kwa abambo mfumu, wansembe wathu. Ndi ulemu umene umasunga mudzi, ndipo sindiunyoza. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinautenga ulemuwo n'kuuphunzitsa makina.

Ndinawonjezera njira yachitatu pa siwichi iliyonse, yotchedwa AUTO. Tanthauzo lake: ukapeza mafayilo omangira, manga mlatho; ukapanda kuwapeza, dumpha n'kupitirira. Ndinachotsa liwu lija la REQUIRED pa njira imeneyi, ndipo ndinakonza kuti munthu akapanda kutchula chimene akufuna, pakhale AUTO. Ndinachitanso china chimene panthawiyo ndinkachiona ngati ukhondo. Tinali ndi mayeso, timapulogalamu tofufuza ngati zomangidwazo zikuyenda bwino. Ndinaika mayeso a mlatho uliwonse mkati mwa lamulo lomwelo, kuti mlatho ukadumphidwa, mayeso akenso adumphidwe, asamadandaule za chinthu chimene kulibe.

A Simawu atayesa, zinayenda popanda chofiira chilichonse. Ulendo wotsatira anandibweretsera thumba la malambe. "Tsopano yaphunzira mwambo," anatero. Ndinanyada, ndipo Lamulungu lake ndinathokoza Mulungu chifukwa cha nzeru.

Chaka choyamba zinayenda bwino. Mensaje zinkafika pa nthawi yake, alimi anapopera kochepa ndipo anakolola. Chaka chachiwiri amalume anaimirira mapemphero atatha n'kuuza anthu kuti alembetse manambala awo. Ndinali pomwepo, ndipo mawu awo ndimawakumbukira. "Mensaje ikapanda kubwera, musapopere. Sungani mankhwala anu. Amene amayendetsa makinawo ndi mwana wanga yemwe, sangandinamize." Ambiri analembetsa chifukwa cha iwo, ngakhale amayi amasiye amene foni anachita kubwereka kwa ana awo.

Kumapeto kwa Januwale mphezi inagwa pafupi ndi ofesi n'kuwotcha kompyuta yathu. Patapita masiku awiri inafika kompyuta ina pa chapa, minibasi yochokera ku Tete. Ndinaikamo zonse mwatsopano, ndinakopera pulogalamu kuchokera pa fulashi, ndinayendetsa CMake, ndinamanga, ndinaika m'malo mwake, ndinayendetsa mayeso. Ndinayesanso kuitana Python, ndipo anayankha. Koma phukusi la mafayilo omangira munalibe. Pakati pa mizere mazana imene inathamanga pagalasi la kompyuta panali mzere umodzi wotuwa, umene ndinaulemba ndekha chaka chapitacho, wonena kuti mafayilo a Python sanapezeke ndipo mlatho wadumphidwa. Sindinauone. Kale mayeso ankakhala makumi anayi ndi awiri. Tsikulo anali makumi atatu ndi limodzi, ndipo onse anapambana. Ndinaona mtundu wobiriwira, sindinawerenge nambala. Sindinatumize mensaje yoyesera, chifukwa ikanapita kwa alimi onse, ndipo shefi analetsa zimenezo kuchokera pamene ina yotero inapoperetsa anthu pachabe.

"Zonse zili bwino, shefi," ndinatero. Ndinatseka galasi n'kupita kukakwera njinga.

Febuluwale anabwera ndi nkhungu ija ya kuno, imene imakhala pamapiri ngati bulangete lonyowa mpaka masana. Zovala sizinkauma pachingwe. Lamulungu lachiwiri, tikutuluka m'tchalitchi, amalume anandikokera pambali.

"Nambewe, nkhungu yonseyi, makina ako ali chete? Mawondo angawa akundiuza zina."

"Ngati mensaje sinabwere ndiye kuti manambala sanafike poopsa, amalume."

"Chabwino. Iwe ndiye unaphunzira. Koma ukayang'ane."

"Ndamva. Ndikaona."

Lolemba m'mawa, ndisanakhale n'komwe pansi, shefi ananditumiza ku Tete kukaphunzitsa alangizi pulogalamu ya m'mafoni. Ndikanatha kunena kuti, "Iyayi shefi, ndipatseni kaye mphindi khumi." Sindinanene. Ndinati "ndamva," n'kukakwera chapa. Ndinakhalako masiku anayi. Za lonjezo lija ndinakumbukira Lachisanu ndikubwerera, tikukwera mapiri n'kulowanso mu nkhungu, ndipo ndinadziuza kuti ndiona Lolemba. Mukudziwa fanizo la ana awiri otumidwa kumunda, mmodzi anavomera ndi ulemu wonse koma sanapite. Ndinaliimbira nyimbo m'kwaya kangapo. Sindinkadziwa kuti likunena ine.

Lolemba limenelo ndi tsiku limene ndikufuna kukuuzani. Ndinali nditangofika mu ofesi, shefi akumwa tiyi, pamene ndinamva njinga ikutsamiritsidwa pakhoma. Analowa amalume, matope mpaka m'mawondo, atanyamula thumba. Anavula chipewa, anapereka moni kwa a Kalisto mwadongosolo lake, anafunsa za kunyumba, anafunsa za ana. Kenako anamasula thumba n'kuika patebulo langa, pambali pa kompyuta, phata limodzi la kachewere. Masamba anali akuda, olendewera ngati nsanza zonyowa. Fungo lake linadzaza chipinda.

"Ndati ndikuonetseni, mwina makina sanaone," anatero.

Ndinatsegula kaundula amene kompyuta imalembamo zimene yachita. Sindinali nditamutsegula chiikireni makina atsopano. Munali mzere umodzi wobwerezedwa m'mawa uliwonse kwa masabata atatu: wotumiza mensaje ankadzuka pa nthawi yake, ankaitana mlatho, sankaupeza, ankalemba dandaulo lake m'kaundulamo n'kufa. M'mawa mwake chimodzimodzi. Anafuula masabata atatu m'chipinda chimene munalibe munthu.

Ntchito yake ndinkaidziwa. Ndinaika phukusi losowalo. Ndinayendetsanso CMake, ulendo uno nditalemba ndekha kuti WITH_PYTHON ikhale ON. Ndinamanga. Zonse pamodzi sizinakwane mphindi khumi zija zimene ndinaopa kupempha. Kenako ndinayang'ana manambala a timakina ta kumunda, amene anali akusungidwa bwinobwino nthawi yonseyi. Mtima unawerengetsa n'kuonetsa kuti chenjezo linayenera kupita masiku khumi ndi awiri apitawo, ndiponso kawiri pambuyo pake.

Ndinafuna kutsimikiza kuti mlatho waima, choncho ndinayendetsa wotumiza mensaje ndi dzanja. M'kusokonezeka kwanga sindinaganize kuti atumizadi. M'thumba la jekete la amalume foni inalira. Anaitulutsa, anaitalikitsa ndi maso monga amachitira akamawerenga m'tchalitchi, n'kuwerenga mokweza pang'onopang'ono.

"Poperani lero kapena mawa." Anaibwezera m'thumba. "Yafika."

Nthawi yomweyo inali ikulira m'matumba a alimi onse amene analembetsa.

A Kalisto anaima kumbuyo kwanga n'kuwerenga fayilo ya malamulo. Analoza ndi chala.

"AUTO ameneyu analemba ndani?"

"Ndine, shefi."

"Anakuuza ndani?"

Iwo anakumbukira okha, chifukwa nkhope inasintha, ndipo anayankhula motsitsa. "Ine ndinati isamawakane a Simawu. Sindinati izinama." Kwa nthawi yaitali mawu amenewa ndinkawaona ngati kudzisambitsa m'manja. Lero ndimaona kuti analinso oona.

Amalume anakulunganso phata lija m'thumba kuti lisatisiyire fungo. Ndinawauza shefi kuti ndipita ndi amalume, ndipo sanandiletse. Tinapalasa njinga mpaka pamene matope anatikaniza, kwinako tinakankha. Fungo linatichingamira tisanaione minda. Munda wa amalume, umene masabata awiri apitawo unali ndi maluwa oyera, unali wakuda kuyambira kumsewu mpaka kudambo. Wotsatira chimodzimodzi. Panali munda umodzi wokha wobiriwira, wa bambo wina wouma mutu amene anakana kulembetsa n'kumapoperabe Loweruka lililonse monga ankachitira bambo ake.

Anthu anali m'minda, ena akuzula kuti aone ngati pansi pali chopulumuka. Kachewere anali adakali ngati mazira a njiwa, ndipo ambiri anali atayamba kale kuola. A Nangozo, mayi wamasiye amene timaimba limodzi kwaya, anaweramuka, foni ili m'manja.

"Mensaje yanu tailandira, mayi wa makina. Zikomo kwambiri. Tsono tipopere chiyani, matopewa?"

Wina kuseri anati, "Mwina ikunena za chaka chamawa. Anthu ophunzira amaona patali."

Ena anaseka, kuseka kopanda mano. A Nangozo analoza pansi pa mtengo pamene panali chopopera chawo cha kumsana ndi mapaketi awiri a mankhwala osatsegula.

"Ndinali nawo, Benedita. Si kuti ndinalibe. Kawiri konse ndinathira madzi m'chopoperamo, n'kukumbukira mawu a akatekisita, n'kukhuthula."

Ndinagwada m'matopemo n'kuyamba kufotokoza kuti cholakwa ndi changa, kuti makina anatha kuwerengetsa koma mlatho unalibe. Ndinaona kuti mawu anga sakutanthauza kanthu kwa iwo. Amalume anandigwira paphewa kuti ndisiye.

"Anthuni, mwanayu simunamumvere inu. Munamvera ine. Amene anaima kutsogolo n'kunena kuti musapopere ndine. Mlandu wanu uli ndi ine."

Palibe anatsutsa. Zimenezo n'zimene zinandipweteka kuposa chipongwe.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono, ngati madzi olowa m'nyumba ya dothi. Kuno mbewu ya kachewere imachokera pa zokolola zako, ndiye wotaya munda watayanso mbewu ya chaka chamawa. Alimi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzapempha kuti tichotse manambala awo. Ankapempha mwaulemu, ena mpaka kupepesa. Timakina ta kumunda anatiuza kuti tikazule. Kamodzi tinakapeza katagwetsedwa kale, waya wake atayanikapo zovala. Amene ankathandiza kabungwe kathu ndi ndalama atamva, ananena kuti aona chaka chamawa, ndipo ine ndinadziwa tanthauzo la mawu amenewo kuposa wina aliyense. Sindinachotsedwe ntchito. Ndinakhala pampando wanga mpaka Juni, ndikuyang'anira makina ochenjeza anthu amene kulibe. Ndikanakonda akanandithamangitsa tsiku lomwelo.

Amalume anasiya ukatekisita Pasaka itangotha. Abambo mfumu anabwera okha kunyumba kudzawachonderera, ine ndili pakhonde ndikumva. Ndinayembekeza kuti anena kuti "tiona," monga aliyense akanachitira. Koma anati, "Iyayi, abambo. Pakamwa pamene panaoletsa minda ya anthu sipangaimenso kutsogolo kuwawerengera Mawu. Akamandiyang'ana aziona kachewere." Kanali koyamba m'moyo wanga kumva munthu wa kwathu akukana wansembe pamaso. Anakana modekha, ndipo denga silinagwe.

M'masabata anga omaliza ndinakonza fayilo ija. Ndinachotsa AUTO. Ndinasiya ON ndi OFF basi, ndipo ndinakonza kuti munthu akapanda kutchula chimene akufuna pa mlatho uliwonse, kumanga kusayambe n'komwe. Akati ON, mafayilo n'kusowa, iime ndi zilembo zofiira, itchule dzina la phukusi losowalo. Kumapeto kwa kumanga ndinaika mizere iwiri yoonekera patali, yonena mlatho umene wamangidwa ndi umene sunamangidwe. Ndinatulutsa mayeso m'kati mwa lamulo lija, kuti pa kompyuta yotumiza mensaje mlatho ukasowa, mayeso alephere. Ndinasinthanso wotumiza mensaje kuti azilankhula tsiku lililonse, ngakhale kungoti "Lero palibe choopsa," kuti tsiku limene wakhala chete anthu adziwe kuti wadwala. Inali ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo. Palibe wina anaimangapo kupatula ine, ndipo mensaje yakuti "Lero palibe choopsa" inafika pa foni imodzi yokha, yanga. Fulashi yake ili m'bokosi muja, pamodzi ndi diploma ndi nsalu ya ubatizo.

Lero ndimagwira ntchito pa kasitolo ka fotokopiya pafupi ndi msika wa Ulongwe, kulembera anthu makalata opita ku maofesi a boma. Ndinafunsirapo ntchito za makompyuta kangapo, koma Angonia ndi wamng'ono, ndipo nkhani ya mensaje yochedwa imafika ine ndisanafike. Ndinakaulula m'kulapa. Abambo mfumu anati limenelo si tchimo, ndi ngozi ya pantchito. Ndinalandira mawu awo, koma mumtima ndimadziwa pamene panali tchimo. Silinali pa phukusi loiwalika. Linali tsiku lija pamene ndinaopa nkhope ya munthu wa imvi kuposa choonadi, ndi Lolemba lija pamene ndinati "ndamva" m'malo mopempha mphindi khumi. Anthu a kutchalitchi amandiuza kuti Mulungu adzasandutsa zonsezi kukhala zabwino. Ndimakhulupirira kuti angathe. Koma sindinazione, ndipo sindingakuuzeni kuti ndaziona. Ndimapempherabe m'mawa uliwonse monga munthu wogogoda pa khomo limene sakumva mapazi mkati mwake.

Kwa inu amene mudzalemba mafayilo otere, chimene ndinasunga ndi ichi. Mlatho ukhoza kukhala wosafunika kwa munthu mmodzi koma n'kukhala moyo wa wina, ndipo makina sangadziwe kuti amene waima patsogolo pake ndi uti. Musawalole kusankha okha mwakachetechete. Womanga anene ndi pakamwa pake chimene akufuna, ndipo chikasowa, makina akane mokweza, ngakhale wokanidwayo ali ndi imvi. Manyazi a kukanidwa amatha pa mphindi imodzi. Muziwerenga nambala ya mayeso, osati mtundu wake wokha. Ndipo musamange chinthu chimene kukhala chete kwake kumatanthauza mtendere, chifukwa wakufanso amakhala chete.

Amalume sanabzalenso kachewere. Chaka chimenecho anatenga njinga yawo n'kupita ku Kalomwe, kumalire, kumene amanyamulira amalonda katundu kuwolokera ku Dedza. Ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo nthawi zambiri matumba amene amakankha ndi a kachewere wa anthu ena. Mwezi watha ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atakhala pamwala, akumanga chingwe cha mphira pa kaliyala. Ndinawapatsa chimanga chootcha, tinadya, kenako ndinawapemphanso kuti andikhululukire, monga ndimachitira nthawi zonse.

"Nambewe, ndinakukhululukira tsiku lomwe lija, tisanatuluke mu ofesi. Usamandifunsenso, ukundichititsa manyazi pamaso pa anzangawa." Anakoka chingwe n'kuchimanga mfundo. "Kungoti chikhululukiro si mbewu, mwana wanga. Sungachikwirire pamzere."

Wamalonda wina anawaitana. Anadzuka, anasenzetsa njinga matumba atatu, n'kuyamba kukankha chokwera. Ndinawayang'ana mpaka analowa pakati pa malole.

Ambuye akudalitseni inu nonse amene mwawerenga mpaka pano. Adalitse manja anu ndi zimene mumamanga. Akupatseni zida zodziwa kukukanani, ndi anzanu okuuzani zoona nthawi ikadalipo. Aike pakamwa panu "iyayi" wofatsa pa tsiku limene akufunika, ndi "inde" amene miyendo yanu idzamutsatire. Ateteze minda ya amene akudalira mawu anu, ndipo pamene mwalakwa, akupatseni wina wokugwirani paphewa monga anandipatsira ine. Ndipo nkhungu ikadzatsika pamapiri anu, chenjezo likufikeni masamba adakali obiriwira. Amen.